Anafa akukatenga wodwala: maliro a ku Nairobi ndi ife a m'malire

Pa 7 Agosto 2025, itangopitirira 2 koloko masana, ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna Citation inanyamuka pabwalo la Wilson mumzinda wa Nairobi, ku Kenya. Inali ndege ya bungwe la AMREF Flying Doctors, madokotala oyenda pandege, ndipo inkapita ku Hargeisa, ku Somaliland, kukatenga wodwala. Patangotha mphindi ngati zitatu, olondolera ndege pansi anasiya kuimva. Inagwera panyumba za anthu m'dera la Mwihoko, m'boma la Kiambu, kunja pang'ono kwa mzindawo. Onse anayi amene anali m'ndegemo anafera pomwepo: oyendetsa awiri, dokotala ndi namwino. Anthu ena awiri amene anali pansi, pamalo amene ndegeyo inagwera, anafanso.

Masiku awiri m'mbuyo mwake, pa 5 Agosto, zofananazo zinachitika ku America. Ndege yonyamula odwala inachoka ku Albuquerque kupita ku Chinle, m'chigawo cha Arizona, dera lakumidzi la anthu a mtundu wa Navajo limene lili kutali ndi zipatala zazikulu. Inagwa ikufuna kutera. Oyendetsa awiri ndi azachipatala awiri anafa. Nawonso ankapita kukatenga wodwala amene sanamuonepo chibadwire.

Nkhani zotere zimadutsa pawailesi m'mphindi imodzi, kenako timamva za mtengo wa feteleza. Ndipo tikudziwa funso limene ena afunsa kale ku Domwe kapena ku Tsangano: nanga ife zikutikhudza pati, ndege yonyamula odwala tinaionapo liti kuno? Funsoli si lamwano ayi. Tiyambe nalo.

Kunena mosabisa, zambiri mwa ndege zimenezi sizinyamula mlimi. Zimanyamula amene ali ndi inshuwalansi, ogwira ntchito m'makampani akuluakulu ndi m'migodi, a m'mabungwe akunja, ndi alendo odzaona malo. Munthu wodwalira ku Tete amene ali ndi pepala lotere angathe kukagona m'chipatala cha ku Johannesburg usiku wa tsiku lomwelo. Mayi wa kumudzi amene mwana wapingasa m'mimba amadalira machira, ngolo, njinga yamoto, ndipo mwayi ukakhalapo, ambulansi ya boma ipezeke ili ndi mafuta. Kuchoka ku Ulongwe kukafika kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200. N'chifukwa chake ambiri a m'malire amangodumphira tsidya linalo, ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, popeza ndiko kufupi. Amene akunena kuti ndegezi ndi za olemera sakunama kwenikweni.

Koma pali tsiku limene mawu amenewa sagwira ntchito, tsiku limene msewu umatha.

Akuluakulu akukumbukira madzi osefukira a m'chaka cha 2000, pamene mtsinje wa Limpopo unameza midzi ya m'chigawo cha Gaza. Mahelikopita a asilikali a ku South Africa anachotsa anthu opitirira 14,000 pamadenga ndi m'mitengo. Pa 1 Março chaka chimenecho, pafupi ndi Chibuto, mayi wina anachira ali mumtengo, madzi ali pansi pake. Wachipatala anatsitsidwa ndi chingwe kuchokera mu helikopita, anadula mchombo, ndipo mayi ndi khanda anakwezedwa amoyo. Dziko lonse linaona chithunzi chimenecho. Palibe anafunsa mayiyo za inshuwalansi.

Mu Março 2019 namondwe Idai atagunda Beira, anthu a ku Buzi anakhala masiku ali pamadenga, ndipo ambiri anapulumuka chifukwa cha mabwato ndi mahelikopita. Kuno kwathu, mu Janeiro 2022, namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pamtsinje wa Revubwe, pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo madziwo anakokolola ngakhale mkulu wa boma la Tete. Mlatho ukagwa, wolemera ndi wosauka amayang'ana kumwamba mofanana. Amene amatsika kumwambako ndi anthu a ntchito yomweyi: woyendetsa, namwino, dokotala, wogwira chingwe. Ndiye maliro a ku Nairobi si achilendo kwa ife monga mmene akuonekera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ntchitoyi inayambira kwa alimi

Ambiri sadziwa kuti ntchito ya madokotala oyenda pandege inabadwira kumidzi. Ku Australia, m'busa wina dzina lake John Flynn anaona alimi ndi oweta ziweto akufa ndi zilonda ndi matenda ochizika chifukwa dokotala anali kutali ulendo wa masiku ambiri. Mu 1928 ndege yoyamba inanyamuka m'tauni ya Cloncurry, ndipo bungwe limene linachokera pamenepo, Royal Flying Doctor Service, likugwirabe ntchito mpaka lero. Kuno ku Africa, AMREF inakhazikitsidwa mu 1957 ndi madokotala atatu a opaleshoni, Michael Wood, Archibald McIndoe ndi Tom Rees, amene anaona kuti kum'mawa kwa Africa odwala ambiri sangafike kuchipatala, ndiye chipatala chiwatsate. Anansi athu a ku Zambia ali ndi bungwe lawo la boma, Zambia Flying Doctor Service, limene likulu lake lili ku Ndola ndipo linayamba m'zaka za m'ma 1960.

Lero nthambi ya AMREF yoyendetsa ndege imagwira ntchito ngati bizinesi: olipira amalipira, phindu limathandiza ntchito zaumoyo za bungwe lalikulu, ndipo pali maulendo ena aulere a odwala osauka. Wina anganene kuti maulendo aulerewo ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa vuto, ndipo sitingamutsutse. Koma namwino amene anafera ku Mwihoko sindiye ankasankha wokwera. Iye ankaitanidwa, n'kunyamula chikwama, n'kukwera.

Pamaliro timayamba tamva mmene munthu wafera

Kwathu kuno sitiika munthu m'manda mwakachetechete. Adzukulu asananyamule bokosi, mwini mbumba amaimirira n'kufotokozera khamu lonse: matenda anayamba liti, tinapita naye kuti, anatipatsa mankhwala anji, anatsirizika nthawi yanji. Mfumu imamva, akuchimuna ndi akuchikazi amamva. Wofotokozayo akazemba, anthu amang'ung'udza, ndipo maliro otero amasiya chilonda m'banja kwa zaka. Timadziwa kuti kunena zoona za imfa ndi mbali ya ulemu kwa womwalirayo, mwina kuposa nkhata za maluwa.

Pa ngozi za ndege, mawu a mwini mbumba ndi lipoti la ofufuza. Malamulo a bungwe loona za ndege padziko lonse, ICAO, amati dziko limene ngozi yachitikira litulutse lipoti loyamba m'masiku 30, ndipo lipoti lomaliza lituluke msanga, ngati n'kotheka chisanathe chaka. Cholinga cha kafukufukuyo si kupeza womangidwa, koma kupeza chimene chinalakwika kuti chisaphenso ena. Ife a ku Mozambique tikudziwa kulemera kwa ngozi imene mafunso ake sanathe. Ku Mbuzini, pamene panagwera ndege ya Pulezidenti Samora Machel pa 19 Outubro 1986, anaimikapo mapaipi achitsulo 35, limodzi la munthu aliyense amene anafa, ndipo mphepo ikawomba amalira. Chikumbutso n'chokongola, koma chikumbutso sichiyankha funso.

Ndiye tikafuna kulemekeza anthu a ndege zonyamula odwala, tifunse chimene chimawapha. Malipoti a ngozi zam'mbuyomu akusonyeza zinthu zingapo, ndipo chachikulu mwa izo si chitsulo kapena mphepo. Ndi mtima wofuna kuthandiza, ukakumana ndi bwana wofuna ndalama kapena foni yochonderera.

Ganizani mmene ntchitoyi ilili. Ndege yonyamula anthu wamba ili ndi nthawi yake, njira yake, ndi bwalo lodziwika kumene ikupita. Nyengo ikaipa, amalengeza kuti ulendo wachedwa, anthu amadandaula, basi. Ya odwala imaitanidwa mwadzidzidzi, nthawi zambiri usiku, kupita kumalo amene woyendetsa sanaterepo, ndipo kumapeto kwa foni kuli mawu akuti mukachedwa munthu afa. Woyendetsa amene wauzidwa kuti wodwalayo ndi mwana wa zaka zitatu amaona mtambo womwewo mosiyana ndi mmene akanauonera atauzidwa kuti akanyamule katundu. Amayamba kudziuza kuti mwina chifunga chichoka, mwina ndidutsa m'munsi mwake. Ambiri anafa ndi mawu akuti mwina.

Ku America, kumene mahelikopita a odwala ndi ambiri ndipo makampani amapikisana, chaka cha 2008 chinali choipa kwambiri: anthu 29 anafa pa ngozi za mahelikopita amenewa chaka chimodzi chokha. Zinatenga zaka kuti boma lichitepo kanthu mokwanira. Mu 2014 bungwe loona za ndege m'dzikolo, FAA, linakhwimitsa malamulo. Linalamula kuti ulendo uliwonse usanayambe ayese kuopsa kwake polemba, kuti helikopita ikhale ndi chipangizo chochenjeza phiri kapena nthaka ikayandikira, kuti malire a nyengo yololedwa kuulukira akwere, ndi kuti makampani akuluakulu akhale ndi ofesi yotsata ulendo uliwonse. Lililonse la malamulowa linagulidwa ndi maliro.

Ngakhale zinali choncho, pa 29 Janeiro 2019 helikopita ina inagwera m'nkhalango pafupi ndi Zaleski, m'chigawo cha Ohio, n'kupha woyendetsa ndi azachipatala awiri. Ofufuza anapeza kuti makampani ena awiri anali atakana kale ulendo womwewo chifukwa cha nyengo yoipa. Chipatala chinaimbira wachitatu, ndipo wachitatuyo anavomera msanga. Lipoti linaloza chala kwa kampaniyo, kuti inalibe mwambo wabwino woyesa ngozi ulendo usanayambe. Wodwala amene ankamufunayo sanamufikire n'komwe.

Apa ndi pamene tiyenera kuima pang'ono, chifukwa khalidwe limeneli timalidziwa. Mtsinje ukadzaza, wa njinga yamoto woyamba akakana kuwoloka ndi wodwala, timapita kwa wachiwiri. Wachiwiri akakana, timafuna mnyamata amene sakana, uja amati ndi wolimba mtima, n'kumuwonjezera ndalama. Akawoloka timamutama. Akakokoloka timati inali nthawi yake. Sitinena kuti awiri oyamba aja ananena zoona.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, mabungwe abwino a ndege za odwala anakhazikitsa miyambo iwiri. Woyamba ndi wakuti woyendetsa asauzidwe kuti wodwala ndani kapena akudwala chiyani mpaka atagamula, poona nyengo ndi ndege yokha, ngati ulendo ungatheke. Wachiwiri ndi wakuti onse okwera avomere kuti ulendo uchitike, koma mmodzi yekha akakana, ngakhale namwino wamng'ono pa onse, ulendo watha ndipo palibe womudzudzula. Zikumveka ngati nkhanza kwa wodwala. Koma ndege ikagwa, wodwala sapulumuka, ndipo odwala onse a mawa ndi mkuja amataya gulu lonse lowathandiza. Kuthamanga sikufika.

Sikuti nthawi zonse vuto limakhala nyengo. Pa 21 Janeiro 2021, mliri wa Covid-19 uli pachimake, helikopita ya Netcare 911 inanyamuka ku Johannesburg kupita ku Hillcrest, pafupi ndi Durban, kukatenga wodwala mwakayakaya. Inagwa pafupi ndi Colenso, ku KwaZulu-Natal, ndipo onse asanu anafa: woyendetsa, dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni, dokotala wa opaleshoni ya mtima, namwino, ndi katswiri wa chithandizo chadzidzidzi. Dokotala wogonetsa uja anali m'gulu la amene tsiku lomwelo anayesetsa kupulumutsa nduna ya boma la South Africa, Jackson Mthembu, imene inamwalira ndi Covid-19. Anachoka pambali pa bedi limodzi n'kukakwera helikopita kuti akathandize pa bedi lina. Ofufuza anapeza kuti kachitsulo kamodzi ka m'makina oyendetsa mapiko ozungulira pamwamba kanathyoka ali m'mlengalenga, katatha mphamvu pang'onopang'ono. Kachitsulo kokwana m'manja kanachotsa madokotala amene dziko limatenga zaka zoposa khumi kuti liphunzitse mmodzi.

Mlimi aliyense amene ali ndi ngolo amadziwa kuti goli silithyoka tsiku limene lathyokalo. Mng'alu umakhala unayamba kale. Kusiyana kwake n'kwakuti ngolo ikathyoka mumatsika n'kuyenda pansi.

Ndipo pali nkhani ya ku Philadelphia, imene ikutibwezera kwa mwini mbumba uja. Pa 31 Janeiro 2025 ndege ya odwala ya mtundu wa Learjet inanyamuka kubwerera ku Mexico ndi mtsikana amene anali atangomaliza kulandira chithandizo, pamodzi ndi mayi ake. Isanathe mphindi imodzi inagwera mumsewu wa m'tauni. Onse asanu ndi mmodzi anafa, kuphatikizapo oyendetsa awiri, dokotala ndi wachithandizo chadzidzidzi, ndipo ena amene anali pansi anafa kapena kuvulala. Ofufuza atafukula kabokosi kojambula mawu a oyendetsa, anapeza kuti sikanajambule chilichonse cha ulendowo, ndipo zikuoneka kuti kanali katasiya kujambula zaka zingapo m'mbuyomo. Kabokosi kameneka sikaulutsa ndege, ndiye kakafa palibe amamva kusiyana. Koma ndiko mboni yokhayo imene imatsala onse akapita. Kukasiya kakufa kwa zaka ndi chimodzimodzi kutseka pakamwa pa womwalira maliro asanachitike.

Chimene tikunena apa n'chakuti mawu akuti ngwazi, amene amatuluka msanga pamwambo wa maliro, ali ndi mbali ziwiri. Ndi oona, pakuti anthuwa anasankha ntchito imene ambiri sitingaiyerekeze. Koma amathanso kukhala bulangeti lofunditsa mafunso. Munthu akatchedwa ngwazi, zimamveka ngati imfa yake inali mbali ya ntchito, ndiye palibe chofunsa. Pamene namwino sanalembedwe ntchito kuti akafe. Analembedwa kuti akatenge wodwala n'kubwerera kwa ana ake madzulo. Mabanja a anthu otere amafunika zinthu zogwirika: lipoti lotuluka poyera, m'chilankhulo choti amve, chipepeso cholipidwa pa nthawi yake, ndi kuona kuti cholakwikacho chakonzedwa. Ndipo tisaiwale awiri a ku Mwihoko amene sanakwere ndege iliyonse. Anali kwawo. Pa zikumbutso zambiri mayina a anthu otere salembedwa.

Mbali yathu ili pansi

Tibwere kwathu tsopano. Ulendo woopsa wa usiku, kaya wa ndege kaya wa ambulansi, nthawi zambiri umakhala unayambika masana, pamene wina anachedwa. Mwana watentha thupi kuyambira Lolemba, koma takhala tikuyesa mapiritsi a pagolosale ndi mankhwala azitsamba mpaka Lachinayi usiku wayamba kukomoka. Mayi wauzidwa kusikelo kuti mwezi wachisanu ndi chinayi ukakwana akakhale kunyumba yodikirira pafupi ndi chipatala, koma ndi nthawi yokolola mbatatesi kapena yosoka fodya, ndiye akuti adikire kaye. Walumidwa ndi njoka wayamba wapita kotemera. Sitikunena izi monyoza, pakuti chilichonse chili ndi chifukwa chake: ndalama ya mayendedwe palibe, wosiyira ana ndi ziweto palibe, ndipo nthawi zina munthu unapitako kuchipatala n'kubwezedwa wopanda mankhwala. Koma zotsatira zake n'zakuti dalaivala wa ambulansi ndi namwino amadzutsidwa pakati pa usiku kuti athamange pamsewu wamaenje, mvula ikugwa, kuti abweze maola amene anatayika dzuwa likuwala.

Amenewa ndiwo anthu athu a ndege, ngakhale alibe mapiko. Namwino amene amakhala kumbuyo kwa ambulansi atagwira botolo la madzi a m'mitsempha, wopanda lamba womumanga, galimoto ikutsika zitunda kulowera ku Moatize, ali pa ntchito yofanana ndi ya namwino wa ku Mwihoko. Galimoto yotere ikagubuduzika, nkhani yake simveka kunja kwa boma lake, ndipo palibe lamulo la padziko lonse lokakamiza kuti lipoti lituluke m'masiku 30. Ife tikuona kuti ili ndi funso loyenera kufunsa akuluakulu azaumoyo m'chigawo chathu, kudzera m'makomiti azaumoyo a pazipatala zathu ndi kwa mafumu: ambulansi ikachita ngozi, ndani amafufuza, ndipo zopezekazo amauza yani? Matayala amasinthidwa liti? Dalaivala amene wayenda usiku wonse ali ndi ufulu wonena kuti ndatopa, apite wina? Kapena wonena kuti mtsinje uwu sindiwoloka, popanda kuopa kuchotsedwa ntchito kapena kutukwanidwa ndi abale a wodwala? Funso lomalizali likutikhudza tonse, chifukwa otukwanawo nthawi zambiri timakhala ife.

Palinso funso la boma, lokulirapo. Dziko likamayankhula zogula helikopita ya odwala, anthu amaomba m'manja, chifukwa helikopita imaoneka ndi maso. Koma kugula ndi mbali yaing'ono. Pamafunika amakanika, zipangizo zosinthira pa nthawi yake, oyendetsa okwanira kuti azipumulana, ndi malo odziwitsa za nyengo. Popanda izi, mwagula bokosi la maliro louluka. Kwa mlimi wa ku Macanga kapena ku Chifunde, ndalama yomweyo ingapulumutse anthu ambiri itapita ku mlatho wolimba, ku magazi osungidwa m'chipatala cha boma lake, ndi ku chipinda cha opaleshoni chimene chili ndi magetsi usiku. Ndege ili ndi malo ake, makamaka pa madzi osefukira ndi pa odwala ochepa amene maola awiri ndiwo malire a moyo wawo. Koma isakhale chigamba chotsekera msewu umene sunakonzedwe, chifukwa amene amalipira chigambacho ndi okwera m'ndegemo.

Helikopita ikadzatera pamudzi panu

Popeza anamondwe akubwera pafupipafupi, tsiku lina helikopita ingadzafune kutera pamudzi umene sinaterepo. Kutera ndi kunyamuka pamalo osakonzedwa ndi nthawi yoopsa kwambiri pa ulendo wonse, ndipo pamenepa anthu a pamudzi angathe kupulumutsa okwera kapena kuwapha osadziwa. Makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene amagwira ntchito ndi INGD, angachite bwino kukambirana izi ndi mafumu mvula isanayambe.

Malo ofunika si aakulu: bwalo lathyathyathya la mamita ngati 30 mbali zonse, lopanda zitsa, miyala ikuluikulu kapena chulu. Bwalo la mpira la pasukulu nthawi zambiri limakwana. Choopsa kwambiri ndi mawaya a magetsi, chifukwa woyendetsa akakhala m'mwamba sawaona bwino. Ngati muli ndi mwayi woyankhula ndi otumiza helikopitayo pafoni, chinthu choyamba kuwauza ndi pamene pali mawaya, nsanja ya foni ndi mitengo italiitali.

Mphepo ya mapiko ndi yamphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira. Imanyamula malata osakhomedwa, malona oyanikapo chimanga, matumba, mabeseni, zitenje zoyanikidwa, ngakhale zipewa, ndipo chimodzi chokha chikakwera n'kukola m'mapiko, helikopita ingagwe pamaso panu. Chotsani zonsezi. Musayale nsalu kapena pepala lapulasitiki pansi ngati chizindikiro. Ngati nthaka ndi youma ndipo madzi alipo, wazani kuti fumbi lisaphimbe maso a woyendetsa. Ng'ombe, mbuzi ndi agalu zitalikitsidwe ndipo zimangidwe. Usiku musawalitse tochi, foni kapena nyali za galimoto kuloza kumwamba, walitsani pansi.

Ndiye pali ana. Phokoso likangomveka amathamangira komweko, ndipo akuluakulu ambiri amawatsatira ndi mafoni m'manja. Pasankhidwe anthu anayi kapena asanu amene mudzi umawamvera kuti aimitse khamu kutali, kunja kwa bwalo lonse. Wina aliyense asayandikire mpaka wa m'helikopita atakodola ndi dzanja, ndipo woitanidwayo adzere kutsogolo kapena m'mbali, kumene woyendetsa akumuona, atawerama, wopanda khasu, ndodo kapena chilichonse chonyamulidwa m'mwamba. Kumbuyo kuli mapiko ang'onoang'ono a kumchira amene akamazungulira saoneka, ndipo amadula munthu nthawi yomweyo. Pamalo otsetsereka, dzerani kumunsi, osati kumtunda kumene mapiko amayandikira nthaka.

Chovuta koposa chimabwera pamapeto. Helikopita imanyamula kulemera kowerengeka, ndipo kuno kumapiri a Angonia ndi Tsangano, kumene malo ndi okwera, dzuwa likatentha imanyamula zochepa kuposa kuchigwa. Woyendetsa akanena kuti akwera awiri okha, kapena kuti thumba la chimanga litsale, kapena kuti woperekeza wodwala atsatire ulendo wina, sikuti akukondera. Pa madzi osefukira anthu amakangamira pakhomo, aliyense ndi chifukwa chake chomveka, ndipo pamafunika mfumu kapena wa komiti amene anthu anagwirizana kale kuti ndiye adzanena woyamba kukwera. Zimenezi sizigamulidwa madzi ali m'chiuno. Zigamulidwe pabwalo, mwezi wa Outubro kapena Novembro, pamsonkhano womwe uja mumakambirana za mbewu ndi za kukonza njira ya kudambo.